Pulogalamu ya Ababa Imaima N'kufunsa

3 Ogasiti

Achemwali,

Mukukumbuka Loweruka lija malemu Amayi ali m'chipatala, Ababa atasowa munthu wondisiya naye n'kunditenga ku ofesi kwawo? Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anandikhazika pansi pa desiki, pa katoni ya mapepala, nandipatsa bolopeni yofiira kuti ndisawasokoneze. Kompyuta yawo inali ija ya zilembo zobiriwira, yolira ngati firiji yokalamba. Ine ndinkangoona miyendo yawo. Zala zinkagogoda mabatani, kenako zii. Nditasuzumira ndinapeza avula magalasi, akuyang'anitsitsa mzere wokhotakhota pa sikirini, milomo ikugwedera ngati akukambirana ndi munthu. Anakhala choncho mpaka ndinayamba kuopa kuti nawonso adwala. Kenako anadina batani limodzi lokha, makina n'kupitiriza. Ndinawafunsa kuti amadikira chiyani. Anati, "Iwe jambula, Chitsiriza."

Ndayamba ndi zakale ndisanakupatseni moni, mundikhululukire. Muli bwanji? Ababa akudzuka bwanji masiku ano, dzanja lija likumvako? Kuno ndili bwino, kungoti tulo ndi tochepa. Ndalemba papepala chifukwa pafoni ndimangoti "eya, eya" mpaka mayunitsi atha, komanso munati Ababa amakonda kugwira kalata m'manja.

Mwandifunsa kangapo kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani, ine n'kumangoseka. Lero ndiyese. Bungwe lathu lili ndi pulatifomu, malo amodzi pa kompyuta pomwe ziwerengero za mvula ndi za mitsinje ya m'maiko angapo zimadutsa, kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina, mpaka kumapeto kutuluke chenjezo loti mtsinje wakutiwakuti usefukira. Mapulogalamuwo sitinalembe ife. Analemba anthu osiyanasiyana osadziwana n'komwe, ena anamwalira kale. Ntchito yanga ndi kutenga pulogalamu ya mwini wake, osaisintha m'kati, n'kuikutira mu kabokosi kokhala ndi khomo lolowera ndi lotulukira, kuti aliyense athe kukalumikiza ndi timabokosi tina popanda kudziwa zomwe zili m'katimo. Ndakutira ambiri. Palibe amene amadziwa kuti ndine, ndipo zimandikomera choncho.

Mwezi wathawu kumsonkhano abwana anadandaula kuti tilibe pulogalamu yabwino ya mitsinje ing'onoing'ono, ija yodzaza mwadzidzidzi. Ine amene sinditsegula pakamwa m'misonkhano ndinangozimva ndanena kale kuti, "Bambo anga analemba yotere." Ndinali nayo pa fulashi kuyambira ndili ku yunivesite. Taiyesa, achemwali, ndipo ikuposa zonse zomwe tili nazo. Abwana ati ikhale itakonzeka pofika kumapeto kwa Okutobala, mvula isanayambe.

Vuto ndi ili. Pulogalamu yokutiridwa siyenera kufunsa kanthu, chifukwa pa pulatifomu palibe munthu wokhala pampando woti aiyankhe. Mayankho onse timaipatsiratu pakhomo. Koma ya Ababa ikafika pakati imajambula mzere wa momwe madzi akwerera ndi kutsikira, n'kuima, n'kufunsa kuti, "Ziwerengerozi mwazikhulupirira? E/A." E ndi eya, A ndi ayi. Ndawerenga zolemba zake zonse za m'kati kufunafuna lamulo lomwe ankatsata poyankha. Mulibe. Lamulolo linali m'mutu mwawo.

Chonde muwafunse: ankayang'ana chiyani pa mzere uja asanadine?

Ndine mng'ono wanu,
Chitsiriza


17 Ogasiti

Mng'ono wanga,

Kalata yako tinalandira. Ife tilipo, ana ali bwino, alamu ako akupereka moni. Ndinaiwerenga kaye ndekha kukhitchini, ndipo ndisakubisire, ndinapsa mtima. Masamba atatu a timabokosi, mizere iwiri ya Ababa. Ndinatsala pang'ono kukuyankha kuseri kwa risiti ya magetsi.

Uli kutali, ndiye mwina sukudziwa kuti "dzanja likumvako" ndi funso lotani. Lamanja lili gone pantchafu ngati la munthu wina. Mawu omwe atsala nawo chiwagwirireni sitiroko ndi owerengeka: eya, ayi, basi, ndi dzina la Amayi lomwe amaitanira aliyense, ngakhale mphaka. Ndiye eya ndi ayi zimasinthana. Dzulo ndawafunsa ngati akufuna tiyi, ati "ayi, ayi," uku dzanja lamanzere likulanda kapu. Ndiye iwe ukuti ndiwafunse lamulo? Ine ndimalephera kudziwa ngati akufuna kuchimbudzi.

Komabe ndinawawerengera. Za pansi pa desiki anaseka, ndi mbali imodzi ya nkhope. Nditafika pa funso lija la E ndi A anasintha. Anayamba kugogoda tebulo ndi chala, kugogoda, kugogoda, maso ali pakona pomwe pali kompyuta yakale ija yofundidwa nsalu. Anayesetsa kunena, mitsempha ya pakhosi mpaka kutupa, chotuluka n'kukhala "basi, basi." Kenako analira. Ndinachita kuwanyengerera tsiku lonse, ndipo chakudya anakana. Kaya kunali kukondwa kaya kukwiya, usandifunse, sindikudziwa.

Achimwene analipo, anabwera kudzakonza chitseko cha bafa. Anangomva mawu oti "bungwe" ndi "abwana", makutu ali tcheru, chitseko n'kuchisiya chili pa hinjesi imodzi. Ukuwadziwa. Akuti akulembera okha.

Ngati ukufuna kuthandiza, kuno kukufunika mpando wa kubafa, uja wa miyendo ya labala. Wapulasitikiwu unaterereka nawo sabata yatha, ndinachita kuwatchinga ndi bondo. Msana wanga suli ngati kale.

Ndipo uzidya. Iwe ukati "tulo ndi tochepa" ndimadziwa kuti ndi chakudya chomwe.

Mkulu wako


21 Ogasiti

A Profesa,

Moni. Ine ndilipo. Kunja kwayamba kutentha, mafiriji akuonongeka bwino, ndiye sindikudandaula.

Sindichulutsa mawu. Ndamva kuti ntchito ya Ababa yapeza oikonda kumeneko. Zikomo kwambiri. Pamene ankapuma ntchito anawapatsa wotchi ya pakhoma yomwe inafa chaka chomwecho. Malipoti onse a mitsinje ankatuluka ndi dzina la mkulu wina amene sanapondepo m'matope chibadwire. Iwe unali mwana, ine ndinkaona. Lero munthu sangathe kunena ayi womveka, m'pomwe mwakumbuka kuti ali ndi nzeru.

Ukuti mukuikutira kuti anthu aziigwiritsa ntchito osadziwa zomwe zili m'kati. Mawu amenewo ndawerenga ndi maso angawa, achemwali anandionetsa. Ine kushopu kwanga munthu akabwera ndi firiji yomatidwa sitika yatsopano pamwamba pa dzina lakale, sindifunsanso kuti waitenga kuti.

Kompyuta ndaitenga. Ili kushopu, m'kabati, kiyi ali m'thumba mwanga. Pepala lililonse lofuna siginecha kapena chala cha Ababa lidutse kwa ine. Sindikuti ndiwe wakuba, mlongo wanga. Ndikuti ndiwe wofatsa, ndipo akuba amakonda kutuma ofatsa.

Mlongo wako


5 Seputembala

Achemwali ndi achimwene,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ababa muwagwire dzanja m'malo mwanga, lamanzere lomwe likumvalo. Mpando ndaitanitsa ku sitolo ya zipangizo za chipatala ya kufupi ndi kwanuko, akubweretserani pakhomo.

Achemwali, munanena zoona za mizere iwiri ija. Sindidziwa kufunsa za Ababa popanda kuopa yankho, ndiye ndimathawira ku zinthu zomwe ndimazidziwa. Si chifukwa chabwino, koma ndi chomwe ndili nacho.

Achimwene, palibe chogulitsidwa ndipo palibe chosainira. Pa kabokosi kalikonse pamakhala malo olembapo mwini pulogalamu. Ndalembapo dzina la Ababa lonse lathunthu ndi chaka chomwe anailemba. Aliyense wokatsegula aziliona. Langa lili pansi, m'tizilembo tating'ono, monga wokutira chabe. Kompyutayo sungani, sindikuifuna.

Tsopano mumve pomwe zafika. Kuti ndione ngati kabokosi kakuyenda, ndinakauza kuti funso lija likabwera kazingoyankha E nthawi zonse. Kanayenda bwinobwino, abwana mpaka anandigwira chanza m'kolido. Koma mtima sunakhale m'malo. Ndinapempha mnzanga wa desiki yoyandikana nayo, timamutcha Ndevu, kuti tikayese ndi ziwerengero za chaka chija mtsinje wa kwathu unakokolola mlatho. Kabokosi kanati palibe chodetsa nkhawa. Madzi ali m'nyumba za anthu, iko kakuti zonse zili bwino. Ndevu anayang'ana sikirini, anayang'ana ine, nati, "Bambo ako chaka chimenecho anachenjeza?" Anachenjeza. Ndikukumbuka anthu akubwera kunyumba kudzathokoza. Ndiye kuti tsiku limenelo iwo anadina A.

Ukadina A, pulogalamu imataya ziwerengero za kumtsinjeko n'kuwerengera ndi mvula yokha. Tayesanso kuyankha A nthawi zonse. Kakuchenjeza ngakhale mvula yowaza. Anthu ukawasamutsa pachabe kawiri, kachitatu sadzuka n'komwe.

Ndinakawauza abwana. Sanakalipe, bola akanakalipa. Ananena modekha kuti, "Tipezereni lamulo loti makina azitsata. Likapanda kupezeka pofika tsiku lija, ya bambo anuyo tiichotsa, tiika ina." Inayo ndimaidziwa. Ndi yofooka, koma sifunsa.

Ndiye ndaganiza njira yosafuna mawu. Mu envulopu yaikuluyi muli mapepala, lililonse lili ndi dzina la mtsinje ndi mzere wake, monga momwe pulogalamu imajambulira. Muziwapatsa Ababa pang'onopang'ono, masiku omwe ali ndi mphamvu. Omwe akuwakhulupirira aziika mbali ina, omwe akuwakayikira mbali ina. Mwina dzanja silisinthanitsa ngati pakamwa. Ndikaona milu iwiriyo mwina lamulolo ndilipeza ndekha. Akatopa kapena akalira musiye. Ndikunenetsa, musiye.

Pa envulopu ndalemba adiresi ya kushopu, poti achimwene munati zonse zidutse kwa inu.

Chitsiriza


2 Okutobala

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Ulendo uno ndikufunsa ndi mtima wonse. Mwezi watha osamva kanthu. Ndikaimba foni imangolira yokha. Uthenga munatumiza uja woti "tilipo, ndidzalemba" ndauwerenga kambirimbiri ngati pawonjezereka mawu ena. Mu "tilipo" ameneyo Ababa alimo?

Pansi pa nyumba yomwe ndimakhala pali timabokosi tachitsulo ta makalata. Kanga kachitseko kake n'kopindika, kamafuna kukankha ndi chala uku ukupotoza kiyi. Ndimakatsegula popita ndi pobwera. Mayi wosesa masitepe wayamba kundipukusira mutu ndisanafike n'komwe. Ndimatsegulabe. Mumangokhala mapepala otsatsa malonda.

Kuntchito abwana safunsa ndi pakamwa. Amangoima kumbuyo kwanga ndi kapu yawo, kuyang'ana sikirini, n'kumapita. Pa bolodi la ntchito timabokosi ta anzanga tonse tasanduka tobiriwira, ka Ababa kokha ndi kachikasu, ndipo bolodilo lili moyang'anana ndi khomo. Ndevu akuti, "Ingoika E, chenjezo ulembe m'malangizo. Ndani amawerenga malangizo?" Amanena moseka, koma ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindingatero.

Ndayesa kupeka lamulo ndekha. Ndinaganiza kuti mwina Ababa ankakana mzere wodumphadumpha, poti umaoneka ngati wolakwika. Nditalemba choncho kabokosi kanataya theka la mitsinje yabwinobwino, wa mlatho uja n'kuulandira ndi manja awiri. Ndayesa njira zina zingapo. Iliyonse imagwira apa n'kutaya apo. Madigiri awiri, achemwali, ndikulephera batani limodzi. Nthawi zina ndimaganiza kuti kumsonkhano kuja ndikanangokhala chete monga ndimachitira, pulogalamuyo ikanakhalabe yabwino pa fulashi yanga, popanda woiyesa n'kuikana.

Pali chinanso chomwe chikundidya. Mwina mwakhala chete chifukwa mapepala aja anawadwalitsa. Mwina ndatenga munthu wodwala n'kumukhazika pa mayeso kuti ine ndisachite manyazi ku ofesi. Ndimadziuza kuti ndikuchitira iwo, kuti ntchito yawo isathere m'kabati ya achimwene. Masiku ena ndimadzikhulupirira.

Ngati ndalakwa mundikalipire. Kungoti mundiuze kanthu.

Mng'ono wanu


13 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni. Mtima m'malo kaye: Ababa ali moyo ndipo ali kunyumba. Anagwa pakhomo la chipinda chawo navulala m'chiuno. Fupa silinathyoke, koma anawagoneka m'chipatala milungu ingapo. Achemwali ankagona pabenchi komweko, foni anaiwala kuti ili ndi ntchito. Anandiletsa kukuuza, ati ungasiye ntchito n'kukwera ndege. Si mapepala ako anawagwetsa. Mapepala akowo anali asanawaone.

Apa mlandu ndi wanga. Envulopu inafika kalekale. Nditaona kukula kwake ndi chidindo cha bungwe lanu ndinati ehe, zosainitsa zija ndi izi. Ndinaiponya m'kabati pamwamba pa kompyuta, osaitsegula. Mpando utafika tinangodabwa kuti wachokera kuti. Envulopuyo ndaitsegula Lachiwiri lapitali, achemwali atabwera kushopu n'kundiwerengera kalata yako yomalizayi mokweza pamaso pa makasitomala kuti ndichite manyazi. Ndinachitadi.

Nditaona mizere ija ndinakhala pansi, pa kompuresa. Kuiwerenga sindidziwa, koma ndikudziwa zomwe zinkachitika pambuyo pake. Iwe unkawaona Ababa ali pampando. Ine ndinkawaona ali pa njinga yamoto, poti zaka zija ndili lova ndine ndinkakhala kumbuyo nditanyamula majombo. Pa mtsinje uliwonse pankakhala thabwa la manambala lozikidwa m'madzi, ndi munthu wolembedwa ntchito yoti m'mawa uliwonse apite akaone pomwe madzi afika. Ena ankapitadi. Ena mvula ikagwa ankaona kuti kumtsinje n'kutali, n'kulemba manambala ali pakhonde, kungowonjezera pang'ono pa a dzulo. Ababa akaona mzere wotero ankati, "Uyu walemba ali m'bulangete." Wa mtsinje wa mlatho uja anali atapita ku ukwati wa mphwake, n'kusiya atalemberatu sabata yonse.

Koma usasangalale msanga. Ndinawafunsapo kuti amadziwa bwanji, poti mitsinje ina imayendadi mofatsa choncho. Anati amadziwa mitsinje yake komanso anthu ake: uyu mwendo umamuvuta, uyu akalandira amasowa masiku atatu, uyu sanganame ngakhale utamulipira. Ndipo akadina A nkhani sinkathera pomwepo. M'mawa mwake tinkapita kukaona ndi maso. Kaya zimenezo zimalowa mu kabokosi, ukudziwa ndiwe.

Mapepala ndawapereka dzulo. Anawagwira, anawayandikiza kumaso, nandikankha ndi chigongono kuti ndikutchinga kuwala. Achita awiri, n'kugona. Pa liwiro limeneli Okutobala wako sindikumulonjeza.

Dzina lawo lili pa kabokosilo undijambulire ndione. Osati kuti sindikukukhulupirira.

Mlongo wako


1 Novembala

Achemwali ndi achimwene,

Moni nonse. Kalata ya achimwene ndinaiwerengera pa masitepe, ndinalephera kufika nayo kuchipinda. Ndathokoza kuti Ababa ali kunyumba. Chiuno chikuwalola kukhala tsonga? Ulendo wina zikachitika mundiuze, chonde. Sindikanakwera ndege, kapena mwina ndikanakwera, koma ndikanakonda kusankha ndekha.

Tsiku lija linafika ndipo ladutsa.

Nditamva za njinga yamoto ndinasiya kufunafuna lamulo. Ndinakonza kabokosi mwa njira ina: kakafika pa funso kaime, katumize mzere uja kwa munthu wa ku ofesi ya madzi ya dera lomwelo, amene amawadziwa anthu ake olemba manambala kumitsinje, n'kudikira yankho lake. Ndinakaonetsa kumsonkhano. Ndinafotokoza mpaka kumapeto. Ndinanenanso za wolemba ali m'bulangete. Anthu anaseka, kenako analeka, mayi wina woyang'anira mitsinje ya kumpoto atanena kuti kwawonso aliko otero.

Abwana anamvetsera zonse. Anati ndi maganizo abwino, koma pulatifomu imayenda yokha usana ndi usiku, ndipo kabokosi kamodzi kakaima, tonse ta pambuyo pake taima. "Munthu wanuyo akakhala kuti ali kumaliro, chenjezo lidikire?" Ndinabwerera pampando wanga. Mpaka lero sindinganene kuti alakwa.

Ndiye aika pulogalamu ina ija. Ya Ababa aichotsa pa mzere wa ntchito, aiika m'gulu la zoyeserera, komwe kumakhala zinthu za "tidzaona chaka chamawa". Ndakhala pano nthawi yokwanira kudziwa kuti zopita kumeneko sizibwerako kawirikawiri. Ntchito yokutira yatsopanoyo anapatsa ine, ndipo ndinaimaliza tsiku limodzi. Imakhulupirira chilichonse chomwe yapatsidwa. Ndevu anandigulira khofi osaponya nthabwala, zomwe kwa iye ndi zazikulu. Dzulo mvula yoyamba yamenya zenera la ofesi. Anzanga anathamangira kukaonerera, ine ndinakhala pampando ndikuganiza za anthu olemba manambala ali pakhonde.

Mapepala aja alibenso ntchito. Muwachotse mwakachetechete, Ababa asadzivutitse nawo pachabe. Momwe mungawauzire sindikudziwa. Mwina musanene zoti aichotsa, mungoti ndathokoza kwambiri. Chithunzi cha dzina lawo ndaikamo, achimwene, ngakhale tsopano lili pamalo pomwe safikapo munthu.

Ndinkafuna ndiwachitire chinthu chimodzi chokha chabwino. Pepani.

Chitsiriza


15 Novembala

Mng'ono wanga,

Moni. Tonse tili bwino, Ababa chiuno chikupola, ayamba kufika okha pa tebulo ndi ndodo.

Kalata yako sindinawawerengere, ndipo mapepala sindinachotse. Ndinayesa. Ndinangogwira m'mphepete, anandimenya padzanja ngati ndikuba nyama m'mbale yawo.

Iwe sukudziwa zomwe mapepala akowa achita m'nyumba muno. Munthu amene ndinkachita kumukoka kuti achoke pabedi, masiku ano ndikamatsegula makatani ndimapeza wakhala kale, akuloza tebulo. Amafuna malaya a kolala, a kuntchito aja. Ndikabwera ndi sikipa amaikankha. Ana akachita phokoso pa nthawi ya mapepala amagogoda tebulo, ndipo amamveradi, zomwe ine ndalephera zaka zonsezi.

Milu iwiri unanena ija anaikana. Anapanga itatu, wachitatuwo waukulu kuposa inzake. Ndinayesa asokonezeka, n'kuyamba kuwathandiza kugawa. Anandiyang'ana diso lija ankatiyang'ana tikabwera ndi lipoti loipa la kusukulu. Analanda pensulo ya mwana ndi dzanja lamanzere, nayamba kulemba pa pepala lapamwamba pa mulu wachitatuwo. Zilembo ngati za woyamba kumene sukulu, tiyi mpaka anazizira m'kapu. Analemba kuti PITA. Achimwene ataona anatuluka panja, ati akukaona ngati atseka galimoto.

Mayi wa kuchipatala wophunzitsa odwala kuyankhula anabwera Lachinayi, anaimirira n'kumaonerera, kenako anandikokera kukhitchini kundifunsa kuti mankhwala amenewa tawapeza kuti.

Ndiye tamvera, Chitsiriza. Za abwana ako ndi timabokosi tawo ine sindizidziwa. Ukuti aichotsa. Zandipweteka, ndipo ndikudziwa kuti iwe zakupweteka koposa, ngakhale walemba ngati ukupereka lipoti. "Pepani" wakoyo sunga, kuno alibe womulandira. Dzulo Ababa anamaliza pepala lomaliza. Anapisa dzanja mu envulopu, anaizondotsa, anaigwedeza, nandiyang'ana. Anati, "Ena?" Mawu atsopano, oyamba chidwalireni. Ndinawanamiza kuti ali m'njira. Usandisandutse wabodza. Tumiza ena, ambiri, mitsinje iliyonse yomwe muli nayo kumeneko, kaya abwana akuifuna kaya sakuifuna. Ulendo uno adiresi ikhale ya kunyumba kuno.

Awa amalizawa ndikukutumizira, uchite nawo zomwe ungathe. Ndinafuna kuwaika onse pamodzi, anakana. Apinda okha, mulu uliwonse paokha, akukanikiza ndi chigongono, mopendekera koma apinda. Achimwene aima pakhomo ndi makiyi, akuti positi itseka. Ababa awapatsa mulu woyamba, awapatsa wachiwiri. Wachitatu augwira kaye, ausisita ndi chala, kenako aupereka.

Ndilekere pomwepa, nayonso iyi ndiipinde ipite limodzi.

Mkulu wako